Musanalipire Gasi, Yang'anani Ayisiyo

 Lero tikambe za firiji. Wina anganene kuti imeneyo ndi nkhani ya anthu a m'tauni, koma tayendani pamalo alionse a malonda pamene magetsi anafika muone. Mu okala muli firiji, kwa aphunzitsi kuli firiji, amayi ogulitsa mafirizesi pageti ya sukulu ali nayo kunyumba, ndipo abambo ogulitsa karapao ndi ziwalo za nkhuku mpamba wawo wonse umagona m'chifiriza chachitali chija chotsekula pamwamba. Kwa anthu amenewa firiji ikasiya kuzizira, ndiye kuti ndalama ya chigayo ndi ya sopo yasowa.

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi ili: firiji yadzaza ayisi mpaka kachitseko kam'kati kakukana kutsekeka, koma zakumwa sizikuzizira, nyama ikufewa. Munthu akafunsa anzake, yankho silichedwa. Gasi watha, itanani mmisiri awonjezere. Ine lero ndabwera kudzalitsutsa yankho limenelo. Gasi amathawa ndithu, ndipo tifikako. Koma nthawi zambiri vuto limakhala pachitseko, pampweya kapena pamagetsi, ndipo ayisi yemweyo amakulozerani pamene pali vuto, bola mumuyang'ane kuti wakhala pati ndipo akuoneka bwanji.

Tiyambe ndi mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Firiji imatola kutentha m'kati n'kukakutaya kunja, basi. Kumbuyo kwake chapansi kuli chinthu chakuda chobulungira, chimene chimalira chija, kompuresa. Ntchito yake ndi kupopa gasi m'timapaipi. Gasiyo akafika m'kati, mumbale ya aluminiyamu imene imagwira ayisi ija, amayamwa kutentha kwa zakudya. Akatuluka amakakusiya patimapaipi takuda ta kumbuyo, kapena m'zipupa za m'mbali ngati firijiyo ndi yamakono yopanda timapaipi toonekera. N'chifukwa chake m'mbali mwa firiji mumafunda mukagwira, ndipo amenewo si matenda. Akatero gasi uja amabwereranso m'kati kukatenga kutentha kwina. Sapsa, saphwa chifukwa chogwira ntchito, ndipo alibe potulukira. Firiji imene sinabooke itha kutha zaka khumi ndi kuposerapo ndi gasi yemwe anathiridwa kufakitale. Choncho munthu akakuuzani kuti gasi watha, mumufunse kuti wathawira pati.

Nanga ayisi amachokera kuti, popeza firiji ilibe mpopi? Tulutsani botolo lozizira muliike patebulo mwezi wa Januwale. Posakhalitsa lanyowa kunja konse, madzi akuyenderera. Madziwo sanatuluke m'botolo, ndi a mumpweya. Mpweya wotentha madigiri 30, utakhuta chinyontho, umanyamula madzi pafupifupi magalamu 30 pamalo otalika mita imodzi mbali zonse, m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu. Mpweya womwewo ukazizira kufika madigiri 18 pansi pa ziro, umatha kusunga pafupifupi galamu imodzi yokha. Magalamu 29 enawo amatsala pambale ya firiza yanu. Mukatsekula chitseko mpweya wina umalowa, nawonso n'kusiya ake.

Tsono taganizirani kumene tikukhala. Mbali ino ya phiri la Mulanje ndi imene imalandira mvula yambiri, ndicho chifukwa chake tiyi amakondwa ku Lujeri, ku Ruo ndi m'minda ya alimi ang'onoang'ono. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya umakhala wotentha komanso wonyowa, zovala zikukanika kuuma pachingwe, mchere ukuchita madzi m'botolo. Nyengo ya chiperoni kunja kumazizira, koma chinyontho chimakhala chilipobe. Firiji ya kuno ku Milonde imagwira ayisi msanga kuposa firiji yomweyo itakhala ku Lilongwe mwezi wa Sepitembala. Timabuku tobwera ndi mafiriji timakonda kunena kuti muzisungunula ayisi kamodzi kapena kawiri pachaka. Kuno musamawerenge miyezi. Ayisi akangokhuthala kufika theka la sentimita, nthawi yakwana.

Ena amanyadira ayisi wambiri, amati firiji yangayi ndi yamphamvu. Pepani achimwene, ayisi wokhuthala ndi bulangete. Woyera wofewa uja amakhala ndi mpweya wambiri m'kati mwake, ndipo amatchinga. Mbale yozizira ija mwaifunditsa, kutentha kwa nyama kukulephera kuifikira, kompuresa ikungolira osapuma, mayunitsi akungotsika pamita. Firiji yotere imadya magetsi ambiri koma imaziziritsa pang'ono.

Tiyeni tsopano titsekule firiji yanu tione. Ngati ayisi ndi woyera mbee, wofewa wonyenyeka, ndipo wachuluka kufupi ndi chitseko, makamaka mbali imodzi kapena pangodya, mpweya ukulowa chitseko chili chitsekere. Wolakwa ndi labala wozungulira chitseko uja. M'kati mwa labala ameneyu muli maginito, ndiye amene amakoka chitseko kuti chimamatire. Kumuyesa sikulira ndalama. Tengani pepala la m'kope, mulitsekere pachitseko theka lili kunja, kenaka mukoke. Likamalimba, pamenepo pali bwino. Likangosololoka lokha, mwapeza khomo la mpweya. Yesani pamwamba, pansi, mbali ya mahinjesi ndi mbali ya chogwirira, chifukwa labala atha kugwira bwino malo atatu n'kumasiya amodzi. Usiku mutha kuika tochi yoyaka m'kati n'kutseka, muzimitse nyali ya m'nyumba, muone ngati kuwala kukutulukira penapake.

Musanaganize zogula wina, tamutambasulani labalayo ndi chala muone zimene zili m'makwinya mwake. Mumapezeka thobwa louma, madzi a shuga a mafirizesi amene anasanduka ulimbo, nyenyeswa za buledi, nkhungu yakuda, nyerere, nthawi zina ndi mazira a mphemvu omwe. Zonsezi zimakweza labala kuti asagunde chitsulo. Madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale zimakwanira. Pamene labala wapindika kapena wauma, ikanipo kansalu koviika m'madzi otentha kwa kanthawi kuti afewe, mumuwongole ndi zala, mutseke chitseko azizirire pomwepo. Akakhala kuti wang'ambika, ameneyo ngwosintha, koma mtengo wake sungafanane ndi wa kompuresa imene ingapse chifukwa chogwira ntchito usana ndi usiku. Onaninso chitseko chenichenicho. Chikadzazidwa mabotolo olemera chimagwa mbali imodzi. Pansi pa nyumba zathu zambiri si posalala, ndiye firiji ikaweramira kutsogolo chitseko chimangotsamira osamamatira. Ikani kathabwa kutsogolo kuti ipendekere kumbuyo pang'ono. Ndipo inu a mu okala, chivundikiro cha firiza si benchi ya makasitomala. Chikapindika ndi kukhalidwa, ngakhale labala watsopano sangachitseke.

Pali mafiriji ena amene labala wake ali bwinobwino, koma chitseko sichipuma. Kasitomala akuti mundipatse yozizira kwambiri, mwana wa pa okala wapisa mkono mpaka pansi, akugwira botolo ili, kulisiya, kugwira lina, chivundikiro chili yasa. Sanjani katundu kuti muzidziwa chili chonse pamene chili, zozizira kale mbali yake, zongolowa kumene mbali yake. Firiji yoimirira ndiye imavutika kwambiri, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, mukatsekula umatsikira kumapazi kwanu n'kutuluka, wotentha n'kulowa pamwamba. M'firiza yotsekula pamwamba mpweya wozizirawo umatsala m'munsi. Amene mukufuna kugula ya bizinesi, ganizirani zimenezo.

Ndiime pang'ono pa amayi a mafirizesi, chifukwa ndinu amene mumaigwiritsa firiji ntchito yakalavulagaga kuposa wina aliyense. Madzulo mwawiritsa madzi, mwasakaniza, mwamanga timapepala beseni lonse, ndipo mukufuna kuti pofika m'mawa tonse tikhale titauma gwa. Mwatikhuthulira m'firiza tili tofundabe, mulu umodzi. Kukacha, tam'mbali taundana, tapakati tikadali madzi, ndiye mukuti firiji yafooka. Kuundanitsa madzi ndi ntchito yaikulu kuposa mmene timaganizira. Lita imodzi ya madzi amene azizira kale kufika pa ziro, kuti iundane, firiji iyenera kuchotsamo kutentha kofanana ndi kumene ikanachotsa potsitsa lita yomweyo kuchoka pa madigiri 80 kufika pa ziro. Ndiye muwerenge malita amene mwaikamo usiku umodzi. Mafiriza ambiri ali ndi kachikwangwani kumbuyo kapena m'kati kamene kamanena makilogalamu amene angaundanitse pa maola 24, ndipo nambala yake imakhala yaing'ono kuposa kukula kwa chibokosicho. Chibokosi chachikulu chija ndi chosungira zimene zaundana kale. Choncho dikirani madziwo azizire kaye panja, mupukute timapepalato tisalowe tonyowa, mutiyale togundana ndi zipupa m'malo motiunjika, ndipo mugawe ntchito, tina madzulo, tina m'mawa. Thobwa nalonso lizilowa litapola, m'chigubu chotseka. Poto wa ndiwo wosavundikira amatulutsa nthunzi usiku wonse, ndipo nthunziyo mawa mudzaipeza itasanduka ayisi. Pomwepa ndinenenso kuti kuundana sikupha tizilombo ta matenda. Kolera imene inayamba mu 2022 ija tonse tikuikumbukira. Madzi a mafirizesi akhale owiritsa kapena othira mankhwala, chifukwa amene amagula ndi ana.

Ayisi wina amakhala wolimba, woonekera mpaka m'kati, atayala pansi, kapena mumapeza madzi atadikha pansi pa kabokosi ka masamba. Ameneyu ndi madzi amene anasungunuka n'kusowa kolowera. Pakhoma la kumbuyo m'kati mwa mafiriji ambiri, chapansi, pali kangalande kokhala ndi kabowo pakati. Madontho amatsikira m'menemo n'kukagwera m'kambale kamene kali pamwamba pa kompuresa, kutentha kwa kompuresayo n'kuwaumitsa. Kabowoko kamatsekeka ndi njere za tomato, kachidutswa ka mpiru kapena ndere. Thiranimo madzi ofunda pang'onopang'ono, mutokose ndi kanthu kofewa kapulasitiki. Zakudya zisamagunde khoma limenelo, chifukwa zimamatirira ndipo zimapatutsa madontho.

Enanu muli ndi mafiriji aja olembedwa kuti No Frost, amene sasonyeza ayisi. Vuto lawo lodziwika ndi lakuti kumwamba kukuundanitsa ndithu koma kumunsi kuli kofunda. Ayisi alimo, koma wabisala kuseri kwa khoma la pulasitiki la m'firiza. Kumeneko kuli timapaipi tozizira, kafani kokankha mpweya kupita kumunsi, ndi kahita kamene kamayaka kokha kangapo patsiku kuti kasungunule ayisi. Kahitako kakapsa, kapena kachipangizo kokauza nthawi yoyaka kakafa, ayisi amakula mpaka kutseka njira ya mpweya. Nthawi zina mumamva fani ikukhula ayisi, khwee khwee. Pali njira yodziwira. Chotsani zonse, zulani pulagi, musiye zitseko zili zotsekula tsiku lathunthu, ngakhale masiku awiri, nsanza zili pansi. Mukayatsa n'kuona kuti yayamba kuzizira bwinobwino, koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri vuto labwereranso, gasi alibe mlandu. Firiji yopanda gasi singachire ndi kupuma. Muwauze amisiri ayang'ane zosungunulira ayisizo.

Pamene tomato ndi mazira zikuundana kumunsi, khoma lonse lagwira ayisi mofanana ndipo kompuresa sipuma, yang'anani kotembenuza kamanambala kaja. Manambalawo si madigiri. Pa mafiriji ambiri nambala yaikulu ndiye kuzizira kwambiri, ndipo anthu amakapotokola mpaka kumapeto kukatentha mu Okutobala n'kukaiwala komweko. Kabwezereni pakati mudikire tsiku. Ikapanda kupumabe, themositati yafa, ndipo imeneyo ndi yongosintha. Kumunsi kumafunika kukhale pakati pa ziro ndi madigiri 5, kufiriza madigiri 18 pansi pa ziro. Azaumoyo kuzipatala zathu sayesa firiji ya katemera ndi dzanja. Amaisunga pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo amawerenga choyezera m'mawa ndi madzulo n'kulemba. Wogulitsa nyama ndi nsomba angachite bwino kukhala ndi kachoyezera kake.

Nthawi zina ayisi palibe wodandaulitsa, koma firiji ikungolephera kuzizira mokwanira, makamaka masana. Pamenepo zungulirani kumbuyo. Paja tati kutentha kumatayidwa kunja, ndiye kukasowa kopita kumabwerera. Firiji yakanikizidwa kukhoma, pamwamba payalidwa nsalu yoluka yolendewera mpaka kumbuyo, m'mbali mwatsamira matumba a chimanga, mbaula ikuyaka pafupi, denga ndi lamalata lopanda siling'i. Timapaipi takuda tija tavala fumbi ndi maukonde a akangaude. Isunthireni kutsogolo pasiyike mpata wa masentimita 10 kapena kuposerapo, muzule pulagi, mupukute fumbilo ndi kaburashi kofewa. Muonenso mawaya, chifukwa makoswe amakonda pofunda pafupi ndi kompuresa. Ndipo pakachikwangwani kaja pali chinthu china chimene ogula firiji yakale ayenera kuwerenga. Pamalembedwa zilembo zosonyeza nyengo imene firijiyo inapangidwira. N kapena SN ndi ya malo osapitirira madigiri 32, ST imafika 38, T imafika 43. M'nyumba yamalata mwezi wa Novembala madigiri 32 amapitirira dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo. Firiji ya kaunjika yochokera ku Ulaya yolembedwa N itha kukhala yabwinobwino, koma nyengo yathu ikuiposa mphamvu.

Tibwere ku magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anakhala akuthimathima mpaka makinawo anayambanso kugwira ntchito mu 2023. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatikantha kuno ku Mulanje, mapolo anagwa, misewu inaduka. Amene anali ndi katundu m'mafiriza anaphunzira zambiri nthawi imeneyo. Magetsi akathima, ayisi wa m'zipupa amasungunuka, madzi amatsikira pansi, akayaka madziwo amaundana n'kumata mapaketi a nyama pamodzi. Chachikulu n'kusatsekula. Firiji yotseka imasunga zakudya pafupifupi maola 4, firiza yodzaza theka pafupifupi maola 24, yodzaza bwino mpaka maola 48, ngakhale kuti kukatentha kwambiri maolawo amachepa. Ngati katundu ndi wochepa, dzazani mpatawo ndi mabotolo a madzi kuti aundane magetsi akadalipo. Musawadzaze mpaka kukamwa, madzi akaundana amafufuma. Koma nyama kapena nsomba imene yasungunuka mpaka kufunda, musaiundanitsenso n'kukagulitsa. Mphuno simanunkhiza zonse zodwalitsa.

Choopsa kwa kompuresa ndi magetsi ophethira, othima n'kuyakanso nthawi yomweyo. Kompuresa ikangoima, gasi amakhala atapanikizika mbali imodzi, ndipo amafuna mphindi zingapo kuti akhazikike. Ikakakamizidwa kudzuka nthawi isanakwane imang'ung'udza, kenaka mumamva kuti thee, n'kukhala chete, pakapita kanthawi n'kuyesanso. Zomwezo zimachitika magetsi akabwera ofooka. Athu amayenera kukhala mavoti 230, koma kumathero kwa mzere wautali, madzulo aliyense atayatsa zake, mababu amatha kufiira. Kachipangizo kaja amati fridge guard ntchito yake ndi imeneyi, kamadula magetsi akatsika kapena akakwera kwambiri, ndipo akabwerera kamadikira mphindi zingapo kasanayatse firiji. Amene mulibe, zimitsani pasoketi magetsi akathima, akabwera mudikire mphindi zisanu. Kulira kwa thee kuja kukamapitirira magetsi ali bwino, kawirikawiri chafa ndi kachipangizo kakang'ono kodzutsira kompuresa, kamene kamakhala m'kabokosi kakuda pambali pake. Musavomere msanga kuti kompuresa yonse yapsa amisiri asanakayese kameneko. Inu a sola, ngakhalenso abale athu a ku Bondo amene amayatsa magetsi a MEGA ochokera mumtsinje wa Lichenya, dziwani kuti kompuresa podzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda, ndiye makina aang'ono kapena waya wowonda amagonja pomwepo.

Mafiriji ambiri kuno anabwera ndi ana athu ochokera ku Joni, a Defy, a KIC, a Hisense. Pulagi ya ku South Africa ndi ya mano obulungira, masoketi athu ndi a mano a ngodya. Ndiye ena amadula pulagi n'kulowetsa mawaya osenda m'soketi, kupanikiza ndi timitengo ta machesi. Pamenepo pamatentha, magetsi amadukaduka, ndipo waya wachitatu woteteza munthu kuti asagwidwe amangolendewera. Gulani pulagi ya kuno ikidwe bwino, firiji ikhale ndi soketi yakeyake. Ndipo ngati yayenda chogona pamwamba pa basi kapena mulole, mafuta a mukompuresa amakhala atalowa m'mapaipi. Iimikeni tsiku lathunthu musanayatse.

Tsopano gasi uja. Firiji imene gasi wathawadi imaoneka motere: kompuresa ikulira osaima, timapaipi ta kumbuyo tangofunda pang'ono kapena tili zii, ndipo m'kati ayisi wangogwira chibuma chimodzi pangodya pamene paipi imalowera, mbale yonse yotsala ili yonyowa chabe kapena youma. Nthawi zina polumikizira mapaipi pamaoneka mafuta. Kubookako kumabwera ndi dzimbiri, ndipo kuno kwa chinyontho dzimbiri silichedwa. Koma mabowo ambiri timaboola tokha. Loweruka m'mawa, mayi akufuna kutulutsa nkhuku imene yamatirira, ayisi wagwira gwa. Atenga mpeni wa ndiwo, kapena sikuludiraiva ndi mwala, ayamba kusema. Zibenthu zikugwa, ntchito ikuoneka kuti ikuyenda. Kenaka nsonga ya mpeni ilowa pang'ono chabe, ndipo pamveka tsiii, kampweya kozizira kakuwomba padzanja, kafungo ka mafuta. Pakatha mphindi zochepa phokosolo latha, gasi yense wapita. Mizere yotukuka imene mumaiona pambale ya firiza ndiyo njira za gasi, ndipo aluminiyamu wake ndi wopyapyala kwambiri. Zikakuchitikirani, zulani pulagi nthawi yomweyo, mutsekule mawindo, musayatse machesi kapena kubweretsa mbaula pafupi. Firiji ikapitiriza kulira ili yobooka imayamwira madzi a ayisi wosungunuka m'mapaipi, ndipo kukonza kwake kumaboola m'thumba kuposa bowo lenilenilo.

Kusungunula koyenera kumangofuna kuleza mtima. Sankhani tsiku limene katundu wachepa. Zimene zatsala muziike pamodzi m'beseni kapena m'katoni, mufunditse bwino pamthunzi. Zulani pulagi, tsekulani chitseko, muyale nsanza pansi. Ikani poto wa madzi otentha m'kati, pansi pake pali kansalu kuti asapsereze pulasitiki, mutseke kwa mphindi khumi, madzi akapola musinthe. Mudzamva ayisi akuthetheka, kenaka chibenthu chonse chikusiya chipupa chokha n'kugwa. Chomuthandizira chikhale chipande kapena mthiko, chitsulo ayi. Firiza yotsekula pamwamba imakhala ndi kotsekera pansi kotulutsira madzi, kachotseni muike beseni. Mukatha tsukani ndi madzi ofunda othira soda pang'ono, ndipo mupukute mpaka muume. Mukasiya monyowa, ayisi watsopano wayamba kale. Yatsani, idziziziritse yokha kwa ola limodzi kapena awiri, kenaka mubwezere katundu.

Zonsezi mutachita koma zizindikiro zikulozabe kwa gasi, apo ndiye itanani amisiri, ndipo mukhale pomwepo akamagwira ntchito. Mmisiri wodziwa amayamba wafufuza bowo, ndi thovu la sopo kapena ndi makina, n'kuliwotcherera. Amasintha kasefa kamkuwa kamene kamagwira chinyontho, amapopa mpweya wonse kuuchotsa m'mapaipi ndi pampu, ndipo pothira gasi amayeza kulemera kwake monga mwalembedwera pakachikwangwani. Mafiriji a m'nyumba amalowa gasi wochepa, ambiri a makono safika ndi magalamu 100 omwe, ndiye kuthira mongoyerekeza kumaononga. Wobwera ndi kachitini kokha, kuthira, kulandira ndalama n'kumapita, mudzamuitananso posachedwa chifukwa bowo lija likadalipo.

Muwafunsenso kuti akuthira gasi wanji. Dzina lake limalembedwa pakompuresa. Mafiriji akale kwambiri anali a R12, amene mayiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti ayambe kusiyidwa chifukwa amaononga mpweya wa kumwamba wotiteteza ku dzuwa, ndipo mayiko ngati lathu anapatsidwa mpaka 2010. Pambuyo pake panabwera R134a, ndipo ambiri a masiku ano ndi a R600a. Magasi amenewa sasinthanitsidwa kapena kusakanizidwa, chifukwa kompuresa iliyonse ndi mafuta ake zinapangidwira mtundu umodzi. R600a amayaka moto, ndi m'bale wake wa gasi wophikira. Ngati firiji yanu ndi yotero, ntchito yowotcherera ichitikire pakhonde kapena pamalo opita mphepo, gasi wotsalira atayamba watulutsidwa, ana ali kutali. Ndipo bowo likakhala m'mapaipi okwiririka m'kati mwa chipupa, kumene dzanja silifika, amisiri achilungamo amakuuzani poyera, kuti muwerengere nokha ngati ndalama yokonzera sikuyandikira mtengo wa firiji ina.